Matayala a mpikisano pa Hilux yopita kumunda: atengedwe kapena ayi?

Funso lachokera kwa bambo wina wa ku Lilongwe. Ali ndi Toyota Hilux ya dizilo, ya double cab, yoyendera matayala a 265/65R17. Munda wawo uli ku Mchinji, ulendo wa makilomita pafupifupi 100 pa tala, kenako makilomita 12 pa msewu wafumbi wodutsa padambo. Dzinja lathali anatitimira padambopo kangapo, ulendo wina atanyamula feteleza. Mlamu wawo wa ku Johannesburg wawapezera matayala anayi a Maxxis Trepador Competition a mainchesi 37, ogwirapo kale ntchito koma mano akadalipo ambiri, pamtengo wabwino. Akufunsa ngati awatenge, kapena agule matayala oyenda bwino pa tala ndi pafumbi pomwe. Galimotoyo ndi imodzi yomweyo, yopitira kuntchito, yosiyira ana kusukulu ndiponso yakumunda.

Bambo, matayala amenewo musawatenge, ngakhale mlamu wanuyo atati akupatseni ulere. Sikuti ndi oipa ayi. Trepador Competition ndi tayala lodziwa ntchito yake, kungoti ntchito yakeyo si imene inu muli nayo. Ine chondidetsa nkhawa m'funso lanu ndi makilomita 100 a tala aja kuposa dambolo. Mukatitimira padambo mumataya tsiku, mumalipira anyamata okankha, mwina feteleza n'kunyowa. Koma galimoto ikakana kuima pa tala yonyowa, pa Namitete kapena pa Kamwendo pamene akabaza, ana ndi mbuzi zili m'mbali mwa msewu, chotayikacho sichibwereranso.

Matayala a mpikisano sali amtundu umodzi. Alipo a m'chipululu, monga aja a Baja 1000, mpikisano wa ku Mexico umene unayamba mu 1967. Amenewo amakhala olimba ndi olemera kuti apirire kutentha ndi miyala galimoto ikuthamanga maola ambiri. Alipo a m'matope akuya, ngati amene amavekedwa ku Rainforest Challenge ya ku Malaysia, imene inayamba mu 1997, a mano ataliatali otalikirana. Ndiye alipo a m'matanthwe, a labala yofewa yomata, odziwika ku King of the Hammers, mpikisano umene wakhala ukuchitika ku Johnson Valley ku California kuyambira mu 2007. Trepador Competition ili m'gulu lachitatuli. Galimoto zambiri zovala matayala otere zimafika pamalo a mpikisano zitakwezedwa pa ngolo, ndipo zimabwereranso pa ngolo pomwepo. Eni ake amadziwa kuti tala imadya matayala awo, ndipo wowapangayo sanaganizireko za munthu wosiya ana kusukulu m'mawa kukugwa mvula.

Chimene mumalipira kwambiri pa tayala la Competition ndi labala yake. Opanga amatha kutulutsa matayala awiri ofanana mano ndi maonekedwe, kusiyana kuli mu labala mokha. BFGoodrich Krawler ndi chitsanzo: ya chizindikiro cha buluu ndi yololedwa pamsewu, pamene ya chizindikiro chofiira ndi ya labala yofewa ya mpikisano, yosayenera pamsewu. Nayo Trepador ilipo ya radial, ilipo ya bias yawamba (awa ndi mayina a kamangidwe ka m'kati, ndikafotokoza kutsogoloku), ndiye ilipo ya Competition. Labala yofewayo imalowa m'timaenje ta mwala n'kugwira, n'chifukwa chake galimoto imakwera thanthwe loti munthu wapansi akwere chokwawa. Tsono taganizani za dambo lanu. Makande akanyowa, labala ilibe choti imatepo. Pakati pa tayala ndi nthaka yolimba pamakhala phala loterera, ndipo kufewa kwa labala sikuthandizapo kanthu. M'matope chogwira ntchito ndi kutalika kwa mano, kukula kwa mipata yapakati pawo, ndi kutha kwa tayala kulavula matope likamazungulira. Zimenezo mungazipeze pa tayala lololedwa pamsewu. Choncho mukatenga a mlamu wanuwo mudzakhala mwalandira zovuta zonse za labala yofewa popanda kudyerera ubwino wake, pakuti panjira yanu palibe matanthwe.

Zovutazo n'zotani? Labala yofewa imatha msanga pa tala, makamaka tala yotentha ya mu Okutobala ndi Novembala. Mano akuluakulu ofewa amapindika nthawi iliyonse akagunda pansi, kupindikako kumabala kutentha, kutenthako n'kufewetsanso labala. Ulendo uliwonse wa ku Mchinji mudzakhala mukusiya tayala lanu pamsewu pang'onopang'ono.

Palinso kamangidwe ka m'kati. Muone mmene kukula kwake kwalembedwera m'mbali. Pa matayala anu apano pali chilembo R, pa 265/65R17, kutanthauza radial: nsambo za m'kati zimadutsa molunjika kuchoka mbali ina kupita ina, ndipo pansi pa mano pali malamba a waya amene amagwira tayala kuti ligone pansi mofanana. Kamangidwe kameneka anakayambitsa a Michelin mu 1946, ndipo lero pafupifupi galimoto zonse zazing'ono zimayendera komweko. Trepador Competition imalembedwa 37x12.50-17, kamzere m'malo mwa R, chifukwa ndi ya bias: nsambo zake zimapingasana, mbali ndi pansi zimagwira ntchito ngati chinthu chimodzi. M'matanthwe zimenezi n'zabwino, mbali yake ndi yokhuthala, yovuta kung'ambika, ndipo tayala limakumbatira mwala. Pa tala limatentha msanga, limatsatira mizere ndi mikwingwirima ya msewu moti chiwongolero mumachita kulimbana nacho, ndipo likagona usiku wonse pamalo amodzi limaphwatalala pansi, m'mawa galimoto n'kumanjenjemera mpaka litatenthedwa. Kulichita balansi n'kovutanso, ndipo kunjenjemera kosatha kumathetsa ma bearing, ma ball joint ndi mashoki.

Tsopano za mvula, zimene ndikufuna muzimvetse kuposa zonse. Mukayang'anitsitsa tayala lapamsewu kapena la all-terrain, loyenda pa tala ndi pafumbi pomwe, muona timing'alu ting'onoting'ono todulidwa pa dzino lililonse. Timing'alu timeneto timatseguka tayala likaponda pansi, n'kupala kamadzi kochepa kamene kamakuta tala, kuti labala ikhudze msewu weniweni. Matayala a mpikisano timing'alu timeneti amakhala nato tochepa kapena alibiretu, ndipo popeza mipata yake ndi ikuluikulu, labala yokhudza pansi imakhala yochepa. Zili ngati kuthamanga pa simenti yonyowa mutavala nsapato za mpira zokhala ndi zisonga kuphazi. Mvula yoyamba ndiye yoopsa kwambiri, pamene fumbi, mafuta ndi dizilo zimene zakhala pamsewu chilimwe chonse zasakanikirana ndi madzi. Hilux ikakhala yopanda katundu kumbuyo imapepuka, ndipo pa tala imakankhidwa ndi matayala akumbuyo okha. Kumbuyoko kukangoterereka pokhota, galimoto yokwezedwa pamatayala a mainchesi 37 sichedwa kugudubuzika. ABS ya mabuleki imathandiza kuti matayala asasiye kuzungulira mukaponda buleki mwamphamvu, koma siingawonjezere kugwira kumene tayala lilibe.

Kukula kwake nakonso ndi nkhani payokha. Tiwerengere limodzi. Tayala la 265/65R17 ndi lotambalala mamilimita 265, mbali yake ndi 65 peresenti ya 265, ndipo rimu ndi ya mainchesi 17. Mukaphatikiza, kutalika kwa tayala lonse kumakwana mamilimita 776. La mainchesi 37 ndi mamilimita pafupifupi 940, kutanthauza kuti ndi lalikulu ndi 21 peresenti. Ubwino wake ulipo ndithu, sindiubisa: difu, bokosi la magiya lapakati pa matayala limene limakhala pafupi ndi nthaka, imakwera ndi mamilimita 82, ndipo m'mikwingwirima yakuya imene mathirakitala ndi malole a fodya amasiya, mamilimita amenewo ndi ambiri. Koma taonani mtengo wake. Sipidomita ikamaonetsa 80, inu mukuthamanga 97, ndipo wapolisi wa kamera sadzamva zoti ndi matayala. Mphamvu yofika pansi imatsika ndi pafupifupi 17 peresenti pa giya iliyonse, choncho galimoto yonyamula feteleza idzavutika kunyamuka, kilatchi idzapsa, ndipo pachitunda mudzakhalira kutsitsa magiya. Mabuleki nawonso amafooka mofanana, chifukwa akuimitsa gudumu lalitali, lolemera mwina kawiri kuposa limene anawapangira. Dizilo adzakwera, ndipo mukudziwa nokha mmene mafuta amavutira kuno nthawi zina.

Komanso salowa n'komwe. Kuti mainchesi 37 azungulire pansi pa Hilux n'kukhota bwinobwino, pamafunika kukweza galimoto, kudula mbali za bodi, kusintha marimu, ndipo wochita bwino amasinthanso magiya a m'madifu onse awiri. Kutsogolo kwa Hilux zamakono kuli ma CV joint, mfundo zopititsa mphamvu ku matayala okhota, amene amathyoka tayala lalikulu likapalasa m'malere kenako n'kugwira mwadzidzidzi. Mtengo wabwino wa mlamu wanu uja udzasanduka wodula kwambiri musanafike n'komwe kudambo.

Mwati matayalawo ndi anayi. Nanga sipeya? Galimoto ya 4x4 imafuna matayala ofanana kukula onse, apo ayi mumapweteka difu ndi transfer case, bokosi logawa mphamvu kutsogolo ndi kumbuyo. Sipeya yanu ya mamilimita 776 singayende limodzi ndi atatu a 940, ndipo la mainchesi 37 silikwana pansi pa bodi pamene sipeya imakhala, ndiye lidzadya malo a katundu kumbuyo. Chitsa cha mtengo chikang'amba limodzi kumunda, lina mudzalipeza kuti? La 265/65R17 mungalipeze ku Lilongwe, ku Blantyre ndi ku Mzuzu tsiku lomwelo. La mainchesi 37 mudzadikira lichoke ku South Africa, mulipire msonkho, galimoto ili pa jeke. Kuno kwathu tayala limene mungalipeze likaphulika limaposa tayala lapamwamba limene kulibe.

Muuzenso mlamu wanuyo ajambule zolembedwa m'mbali mwa matayalawo, kuti muone nokha. Tayala lololedwa pamsewu limakhala ndi chizindikiro cha DOT cha ku America kapena chilembo E m'kabwalo cha ku Ulaya. A mpikisano ambiri amalembedwa poyera kuti si apamsewu. Mawu amenewo akhoza kukuvutitsani pokayezetsa COF, ndipo ngozi itachitika a inshuwalansi akhoza kuwagwiritsa ntchito pokana kulipira. Zaka zake muzionenso, ndipo izi zikukhudza tayala lililonse la kaunjika. Pamene pali DOT, manambala anayi omalizira amanena sabata ndi chaka chimene linapangidwa: 2319 ndiye kuti sabata ya 23 ya 2019. A Michelin amalangiza kuti tayala likapitirira zaka zisanu lizionedwa ndi katswiri chaka ndi chaka, ndipo likakwana zaka khumi lichotsedwe ngakhale mano alipo. Labala yofewa ikakalamba imauma n'kutaya kumata kuja. Nthawi zambiri n'chifukwa chake ampikisano amagulitsa matayala mano akadali athunthu.

Tibwere kudambo tsopano, pakuti vuto lanu ndi lenileni ndipo sindikufuna kulichepetsa. Munthu amene sanatitimirepo m'makande dzuwa likulowa, mvula ina ikubwera, katundu wa ndalama zambiri ali kumbuyo, sangamvetse chifukwa chake mukulakalaka mano akuluakulu. Ndipo zoona n'zakuti tayala la all-terrain lofatsa, la mipata yaing'ono, m'makande limadzaza pakangozungulira kawiri katatu, n'kusanduka losalala. Wogulitsa akakuuzani kuti all-terrain iliyonse imadutsa paliponse, ameneyo sanafike padambo mu Febuluwale. Dothi la katondo likanyowa limaterera pamwamba koma pansi pake pamakhala polimba, ndipo all-terrain yabwino imapirira. Makande ndi ena, amamata ndipo amameza.

Komabe kutambalala kwa tayala sikumene kumapulumutsa pamenepo. Taonani ma Land Cruiser a zipatala ndi a mabungwe amene amafika kumidzi dzinja lonse, kukwera ku Nyika kudzera ku Rumphi kapena kutsetserekera kumadera ovuta a ku Chikwawa ndi Nsanje. Ambiri amayendera matayala opyapyala aatali a 7.50R16 kapena 235/85R16. Tayala lopyapyala limadula matope apamwamba n'kukapeza dothi lolimba pansi, pamene lotambalala mainchesi 12.5 limayandama paphala n'kumakankha matope ambiri kutsogolo kwake. Lotambalala limapambana m'matope opanda pansi, ndipo limafuna injini yamphamvu yolizunguza mwaukali kuti lilavule matope. Dambo limene ngolo za ng'ombe ndi njinga zimadutsa nthawi zambiri pansi pake pamakhala pogwirika.

Ndiye musankhe pakati pa mitundu itatu, yonse ya radial, yonse yololedwa pamsewu. Woyamba ndi all-terrain yolimba, monga BFGoodrich All-Terrain T/A KO2, imene inatuluka mu 2014, kapena General Grabber AT3. Pa tala ndi yachete, imakhalitsa, pamvula imaima bwino kuposa mitundu iwiri inayo, ndipo pamiyala ya msewu wafumbi imapirira. Wachiwiri ndi wapakatikati, monga Cooper Discoverer S/T Maxx kapena Goodyear Wrangler DuraTrac, wa mipata yokulirapo m'mphepete koma timing'alu tija tilipo. Wachitatu ndi mud-terrain yapamsewu, tayala la m'matope lololedwa pa tala, monga BFGoodrich KM3, Maxxis Razr MT kapena Cooper STT Pro. Imeneyi m'makande imagwiradi ntchito, koma imalira pa tala, kulirako kumakula ikamatha, imamwetsa mafuta, ndipo pamvula imafuna kuti muchepetse liwiro ndi kusiya mpata waukulu pakati pa inu ndi galimoto yakutsogolo.

Kwa inu ndikusankhirani wapakatikatiwo, ndipo ukasowa, all-terrain yolimba. Chifukwa chake chili m'manambala anu omwe. Pa makilomita 112 a ulendo wakumunda, 100 ndi a tala, ndipo pa 12 otsalawo ovutadi mwina sakwana n'kilomita imodzi, kwa miyezi itatu kapena inayi pachaka. Onjezanipo maulendo a m'tauni a sabata yonse. Mud-terrain ndikanakuuzani mukanakhala kuti mumakhala kumundako n'kumabwera ku Lilongwe mwa apo ndi apo. Kukula kwake musasinthe, kapena mukafuna kukwerako pang'ono tengani 265/70R17, ya mamilimita 803. Imeneyo imakweza difu ndi mamilimita 13, sipidomita imanama ndi 3 peresenti yokha, ndipo pa Hilux zambiri imalowa popanda kudula kanthu, ngakhale ndi bwino kuyesa limodzi kutsogolo n'kukhotetsa chiwongolero mpaka kumapeto mbali zonse musanalipire. Mugule asanu, osati anayi.

Popeza mumanyamula feteleza ndi chimanga, yang'anani zilembo LT kumayambiriro kwa kukula kwake, ndiponso nambala ya kulemera. Mukaona 120/117S, nambala yoyambayo ndi yanu: 120 ikutanthauza makilogalamu 1,400 pa tayala limodzi likapopedwa mokwanira, pamene 112 yopezeka pa matayala ambiri awamba ikutanthauza makilogalamu 1,120. Chilembo chakumapeto ndi liwiro: Q ndi makilomita 160 pa ola, R ndi 170, S ndi 180. Tayala la LT lili ndi thupi lolimba, lovuta kubooledwa ndi zitsa ndi minga, ndipo limapirira kuyenda ndi mpweya wochepa. Kungoti galimoto ikakhala yopanda katundu imagunda pang'ono m'mabampu. Musaiwale kuti tayala lolimba siliwonjezera katundu amene galimoto inaloledwa kunyamula. Masipuling'i, mabuleki ndi tchesisi zikadali zomwezo.

Chimene chidzasinthe kwambiri ulendo wanu wapadambo, kuposa dzina la tayala, ndi mpweya. Anthu ambiri amalowa m'matope ndi mpweya wa pa tala, ena atapopa mowonjezera chifukwa cha katundu, tayala lili gwa. Mukaphwetsa, gawo lokhudza pansi limatalika, mano ambiri amagwira nthawi imodzi, ndipo tayala likamapindika limathyola matope omatirira n'kuwataya. Pa tala tsatirani zolembedwa pa kachipepala ka pachitseko cha dalaivala. Mukafika padambo galimoto ili yopepuka, tsitsani kufika pa 1.5 bar, amene ndi pafupifupi 22 psi. Mukatitimira mukhoza kutsika mpaka 1.2 bar kuti mutuluke, koma musapitirire pamenepo pa rimu yawamba, chifukwa tayala limavuka pa rimu mukakhota mwamphamvu. Ampikisano amatsika kuposa apo chifukwa ali ndi marimu a beadlock, omanga mlomo wa tayala ndi mabawuti, ndipo popanda marimu amenewo ngakhale Trepador simungaidyerere mokwanira. Mukalemedwa ndi matumba musatsitse kwambiri, matayala akumbuyo asiyeni cha pa 2 bar, ndipo ngati n'kotheka wolotsani katunduyo maulendo awiri. Matumba khumi a feteleza ndi theka la tani, ndipo theka la tani padambo ndi limene limasiyanitsa kudutsa ndi kugona pomwepo.

Kayendetsedwe nakonso. Ikani 4x4 musanalowe m'matope, osati mutatitimira kale. Tsikani muyende wapansi ndi ndodo, muone pamene pali polimba. Lowani ndi 4L, 4x4 ya magiya otsika, giya yachiwiri kapena yachitatu, liwiro lofanana, osasintha giya pakati. Ngati Hilux yanu ili ndi diff lock yakumbuyo, yomanga matayala awiri akumbuyo kuti azungulire limodzi, itcherenitu. Mukamva galimoto ikuima, chotsani phazi pa mafuta msanga, yesani kubwerera m'mbuyo m'mapazi anu omwe. Kupalasa kumangokumba dzenje mpaka difu itakhala pansi, ndipo ikakhala pansi palibe tayala padziko lino limene lingakutulutseni.

Pali chinanso chimene eni galimoto sitikonda kuchiganizira. Msewu wa padambowo si wanu nokha. Matayala a mano aatali akapalasa amasiya mikwingwirima yofika m'mawondo, madzi amakhazikika momwemo, ndipo amene amavutika mpaka mwezi wa Meyi ndi mayi wopita kuchipatala pa njinga, mwana wasukulu ndi mlimi wa ngolo. Mukakambirana ndi amfumu ndi anzanu olima kumeneko, n'kuthira miyala ndi zidutswa za njerwa pamalo oipitsitsawo chilimwe chisanathe, ndi kutsegula ngalande yoti madzi azidutsa, mudzakhala mwathetsa vuto limene matayala akanangolizemba.

Ndalama zimene mukanawonongera kukweza galimoto ndi kudula bodi, gulani nazo zida, ndipo apa mlamu wanu angakuthandizeni kwambiri, pakuti ku Johannesburg masitolo a zida za 4x4 ndi ambiri. Choyamba ndi kompuresa yabwino yolumikiza ku batire, pamodzi ndi geji yanuyanu, chifukwa kuphwetsa kulibe phindu ngati mulibe chopopera. Kenako fosholo, matabwa apulasitiki oika pansi pa matayala, thabwa lokhuthala loikapo jeke, zomatira pankitcha za tayala lopanda chubu, ndi lamba wokokera wolembedwa mphamvu yake. Lambayo muzimanga pamalo okokera omangidwa ku tchesisi. Pa mpira wokokera ngolo musamangepo, chifukwa umathyoka n'kuuluka, ndipo wapha anthu m'maiko ambiri. Ngati dambolo ndi loipadi, muuzeni akufunireninso matcheni a matayala akumbuyo a kukula kwanu. M'dothi lomata matcheni amagwira kuposa mud-terrain yambiri, mumawaveka pofika padambo n'kuwavula mukangowoloka, ndipo miyezi isanu ndi itatu yotsalayo amangokhala m'thumba osakudyerani mafuta. Muonetsetse kuti sakukhudza mapaipi a buleki, ndipo muziyenda nawo pang'onopang'ono.

Mukayesa zonsezi dzinja limodzi n'kuona kuti mukutitimirabe, njira yotsatira ndi marimu ena achitsulo okhala ndi mud-terrain yapamsewu ya kukula komweko, yoveka mu Disembala n'kuvula mu Epulo. Poyamba zimaoneka zodula, koma magulu awiriwo amatha mosinthana, ndiye pakapita zaka ndalama yake imabwerera ndithu. Ndipo ngati pansi pamtima chimene chikukukokani ndi masewerawo, kukwera miyala ndi kulimbana ndi matope Loweruka, chimenecho n'chilakolako chabwino, ndipo Trepador ndi malo ake. Koma imafuna galimoto yakeyake, yakale, ya ekiselo yolimba kutsogolo, yopita kumaloko pa ngolo, osati imene mumanyamulira ana.

Matayala atsopanowo mukaveka, chititsani alayimenti tsiku lomwelo, ndipo muziwasinthanitsa malo pa makilomita 8,000 mpaka 10,000 alionse, sipeya ikulowa nawo m'kasinthasinthayo. Matayala a mano akuluakulu akakhalitsa malo amodzi, makamaka kutsogolo, amadyeka mosiyanasiyana, dzino lina lalitali lina lalifupi, ndipo akayamba kutero phokoso lake silitha. Timizere tokwera ta m'ngalande za tayala timaonetsa kuti mano atsala mamilimita 1.6, koma m'matope tayala limakhala litasiya kale ntchito lisanafike pamenepo, choncho mano akatsika kupitirira theka muyambe kusunga ndalama dzinja lisanafike. Mukachoka kumunda, gwetsani matope ouma m'kati mwa marimu, chifukwa amanjenjemeretsa chiwongolero ngati balansi yatayika. Ndipo musanakwere pa tala imani, chotsani 4x4, mupope matayala onse kufika pa mlingo wa pachitseko. Tayala lophwa likathamanga pa tala limatentha m'kati, nsambo zake zimalekana ndi labala mosaoneka kunja, ndipo likhoza kudzaphulika patapita masabata, tsiku limene mwapopa bwinobwino.